Trellick Tower: nyumba yomwe anthu ankaiopa, lero akuilimbirana

 Trellick Tower ndi nyumba yosanjikizana yomwe ili m'dera la North Kensington mumzinda wa London, ndipo ili ndi nsanjika 31 momwe muli nyumba zokhalamo 217. Pambali pake pali nsanja yowonda yomwe yaima payokha, yolumikizidwa ku nyumba yaikulu ndi timilatho. M'nsanja yowondayo ndi momwe muli zikepe, masitepe ndi potayira zinyalala, ndipo kamlatho kamodzi kamatumikira nsanjika zitatu. Katswiri yemwe anajambula pulaniyi, Ernő Goldfinger, wobadwira ku Budapest m'chaka cha 1902, anachita zimenezi dala kuti phokoso la zikepe likhale kutali ndi zipinda zogona.

Tsoka la nyumbayi linali lakuti inabadwa mochedwa. Khonsolo ya Greater London Council inaitanitsa pulani yake mu 1966, nthawi yomwe boma la Britain linkakhulupirira kuti kumanga mopita m'mwamba ndiyo njira yachangu yopezera malo okhala anthu omwe ankapanikizana m'nyumba zakale zachinyontho. Koma pomwe inkatha mu 1972, mitima ya anthu inali itatembenuka kale. Mu Meyi 1968 gasi anaphulika pa Ronan Point, nyumba ya nsanjika 22 kum'mawa kwa London, ngodya imodzi yonse inagumuka kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo anthu anayi anafera pomwepo. Ronan Point inamangidwa ndi zipupa zoumbiratu kufakitale zomwe ankangozilumikiza, pomwe konkire ya Trellick ankaithirira pamalo pomwepo, koma munthu wamantha sasiyanitsa zoterezi.

Kenako panabwera cholakwa chomwe, m'kuona kwanga, ndicho gwero la mbiri yonse yoipa. Goldfinger anafuna kuti pakhomo pakhale mlonda, koma khonsolo inakana. Chitseko chinakhala chapululu usana ndi usiku. Aliyense ankalowa, ogulitsa mankhwala ozunguza bongo anapeza pobisala m'makonde, akuba ankadikirira anthu m'masitepe, ndipo zikepe zinkafa kawirikawiri. Tangoganizani mayi wokhala pa nsanjika ya 25, mwana kumsana, katundu wa kumsika m'manja, ataima pansi pa masitepe amdima. Nyuzipepala zinaitcha "Tower of Terror", kutanthauza nsanja ya zoopsa, ndipo mabanja ambiri ankapempha kuti awasamutse.

Omwe anaiwombola ndi eni ake okhalamo. Mu 1984 anakhazikitsa bungwe lawo, nakakamiza akuluakulu mpaka pakhomo panaikidwa loko woyankhulirapo mlendo asanalowe, ndipo mu 1987, chaka chomwe Goldfinger anamwalira, mlonda uja analembedwa ntchito. Konkire sinasinthe ngakhale pang'ono. Anthu anangoyamba kuona zomwe zinalipo kuyambira kale: zipinda zotakasuka, mawindo aakulu olowetsa kuwala, ndi khonde la banja lililonse loyang'ana mzinda. Lamulo la 1980 la boma la Margaret Thatcher linali litalola kale ochita lendi m'nyumba za khonsolo kuzigula, choncho zina zinayamba kugulitsidwa pa mitengo yokwera. Mu 1998 boma linaika Trellick m'gulu la Grade II*, la nyumba zosaloledwa kugwetsedwa kapena kusinthidwa mwachisawawa, ndipo lero chithunzi chake chimasindikizidwa pa malaya ndi makapu.

Komabe kutchuka kumeneku sikunakomere onse. Trellick ili ndi mkulu wake, Balfron Tower ya ku Poplar, dera la kum'mawa kwa London, yomwe inatha mu 1967, momwe Goldfinger ndi mkazi wake anakhalamo miyezi iwiri kuti amve madandaulo a anthu asanamange inzakeyi. Ku Trellick nyumba zambiri zikadali za lendi yotsika. Ku Balfron, m'zaka za m'ma 2010, ochita lendi anasamutsidwa kuti nyumbayo ikonzedwe, ndipo itakonzedwa sanabwereremo, chifukwa nyumba zawo zinaikidwa pamsika.