Makalata a omvera: "Ndikadziyang'ana pagalasi ndimadzida"

Takulandiraninso okondedwa omvera, nthawi yowerenga makalata anu ija yakwana. Sabata yatha tinakamba za mmene munthu amadzionera yekha, ndiye mameseji abwera ambiri moti sitingawathe onse, ndangosankhapo atatu. Maina sinditchula ngati mwa nthawi zonse. Yoyamba yachokera kwa mtsikana wa zaka 23.

"Amayi, ine vuto langa ndi loti ndimadzida. Kwathu tinabadwa atsikana awiri, mng'ono wanga ndi woyera khungu ine ndine wakuda kwambiri ndiye kuyambira tili ana alendo akabwera amangoti eee koma mwana wokongola uyu, ine osandiona nkomwe. Pano sindingaike chithunzi pa Facebook popanda filita, ndipo ndinayamba kudzola mafuta oyeretsa khungu koma nkhope yayamba kutuluka mawanga. Mnyamata amene ndinali naye anandisiya nkupita kwa wina woyera. Kutchalitchi amati tinalengedwa m'chifanizo cha Mulungu koma ine ndikadziyang'ana pagalasi sindikhulupirira, kodi Mulungu sanalakwitse pa ine?"

Mwana wanga, ndiyambe ndi mafutawo chifukwa amenewo sadikira. Siyani lero ndipo mukaonetse nkhopeyo kuchipatala. Mafuta ambiri oyeretsa khungu amakhala ndi mankhwala oopsa otchedwa mercury, ena hydroquinone, ena mankhwala a steroid, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lakhala likuchenjeza kuti mercury imawononga impso ndi mitsempha, pomwe steroid ukaidzola nthawi yaitali khungu limapyapyala nkumachita mabala. Mawanga mukunenawo ndi khungu lanu likukudandaulirani.

Tsopano funso lanu. Ine sindikuuzani kuti "ayi ndinu wokongola" chifukwa sindinakuoneni, ndipo ngakhale nditanena mungomva bwino mpaka madzulo basi, mawa mwabwereranso pagalasi pomwe paja. Koma tsegulani Genesis 29 muwerenge za Leya. Baibulo silibisa, likuti Rakele mng'ono wake anali wokongola thupi ndi nkhope yomwe, za Leya langonena za maso ake ofooka nkudutsa. Yakobo anagwira ntchito zaka 7 chifukwa cha Rakele, Leya anachita kulowetsedwa usiku mwachinyengo ndi bambo ake omwe a Labani, ndiye taganizani kudzuka m'mawa mwamuna nkukuona nkukwiya kuti si iwe ndimafuna. Mayi ameneyu anakhala moyo wake akuyerekezedwa ndi mng'ono wake ngati inuyo.

Ndiye tamverani zimene ankanena akabereka. Mwana woyamba Rubeni, akuti tsopano mwamuna wanga andikonda. Wachiwiri Simeoni, akuti Yehova wamva kuti ndine wodedwa. Wachitatu Levi, akuti ulendo uno ndiye mwamuna wanga aphatikana nane. Mwana aliyense anali ngati pempho kwa Yakobo kuti chonde tandionaniko. Pofika wachinayi Yuda, za mwamuna sakutchulanso, akungoti tsopano ndiyamika Yehova. Yakobo sanasinthe, nkhope ya Leya sinasinthe, koma vesi 31 inali itanena kale kuti Yehova anaona kuti Leya sakondedwa. Woonayo analipo nthawi yonseyi, Leya ndi amene maso ake anali kwina. Ndipo mzere wa Davide mpaka kufika kwa Yesu unadzera mwa Yuda mwana wa Leya.

Ndisakunamizeni kuti zinathera pompo ayi, mukapita chaputala 30 mumupezanso Leya akulimbana ndi mng'ono wake. Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa cha zomwezo, chilonda cha zaka 23 sichipola ndi pemphero la usiku umodzi, masiku ena mudzadzuka muli bwino ena ayi, ndipo sizitanthauza kuti chikhulupiriro chanu ndi chochepa.

Za foni ndinenepo pang'ono. Mu 2021 Frances Haugen amene ankagwira ntchito ku Facebook anatulutsa zikalata za mkati mwa kampaniyo, ndipo kafukufuku wawo womwe anasonyeza kuti mwa atsikana achichepere amene ankadandaula kale ndi matupi awo, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse ankati Instagram, imenenso ndi ya kampani yomweyo, imawonjezera vutolo. Eni ake ankadziwa. Ndiye inu mukudziyerekeza ndi zithunzi za anthu amene nawonso aika filita, iwonso akudziyerekeza ndi zanu zimene mwaika filita, aliyense akusirira munthu woti kulibe. Amene mukawaona mtima umatsika, asiyeni kuwatsata kaye. Mnyamatayo musiyeni apite, amasankha khungu osati mkazi. Ndipo mng'ono wanu musamusungire chakukhosi, sanadzisankhire khungu monganso inu, olakwa ndi akuluakulu amene ankayamikira mwana mmodzi wina ali pompo akumva. Makolo amene mukumvera, mwamvatu.

Yachiwiri yachokera kwa bambo wina.

"Amayi zikomo chifukwa cha pulogalamu yanu. Ine ntchito inatha chaka chatha, kampani inachepetsa anthu. Pano amene akusamala banja ndi akazi anga, sandinyoza ayi koma ine ndekha ndimadziona ngati katundu pakhomo. Ndinali mkulu wa mpingo koma ndinasiya kuima kutsogolo, ndimakhala kumbuyo nkutuluka msanga anthu asanandifunse kuti zikuyenda bwanji. Tsiku lina mlaliki anawerenga zoti wosagwira ntchito asadye, ndinamva ngati akunena ine. Nthawi zina ndimaganiza kuti banja langa likanapepukidwa ine kulibe."

Bambo, chiganizo chanu chomalizacho sindichidumpha. Maganizo oti bola kulibe ine si oti muzisunga nokha, lero lomwe auzeni mayi a kunyumba kapena munthu amene mumamukhulupirira, ndipo mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi, matenda a nkhawa ndi kukhumudwa ndi matenda ndithu ndipo amachizika. Si uchimo ndipo si kufooka. Eliya mneneri wamkulu uja pa 1 Mafumu 19 anakhala pansi pa mtengo nkupempha kuti afe, akuti sindiposa makolo anga, ndipo Mulungu sanayambe ndi kumudzudzula, anamutumizira mngelo ndi chakudya ndi madzi nkumulola agone, kawiri konse, zokambirana zinabwera pambuyo. Ana anu sangapepukidwe popanda inu, limenelo ndi bodza limene kutopa kwa mtima kumanena.

Vesi munamva ija ndi 2 Atesalonika 3:10, ndipo Paulo akunena za munthu amene sakufuna kugwira ntchito, anthu amene ankangoyendayenda kulowerera za eni. Inu munachotsedwa, mukufunafuna. Alaliki anzanga tiziwerenga bwino mavesiwa, mumpingo mumakhala anthu okhala ndi mabala.

Koma muzu wake ndi uwu bambo, munazolowera kuyeza kufunika kwanu ndi malipiro a pamwezi, ndiye malipiro atachoka mwaona ngati mwachoka ndinu. Ambirife tili choncho, kungoti athu sanachoke. Pa 2 Samueli 9 pali Mefiboseti mwana wa Yonatani, mdzukulu wa mfumu Sauli. Ali ndi zaka 5 uthenga unabwera woti bambo ake ndi agogo ake afa kunkhondo, mlezi wake pothawa naye mwachangu mwana anagwa nkulumala miyendo yonse iwiri. Mdzukulu wa mfumu anakakhala ku Lodebara m'nyumba ya munthu wina dzina lake Makiri, wosungidwa. Davide atamuitanitsa, iye anagwada nkudzitchula galu wakufa, ndi mmene ankadzionera. Davide sanatsutsane naye nkomwe za galuyo, anangomubwezera minda yonse ya Sauli nkunena kuti uzidya pagome langa masiku onse, ndipo ankadyadi ngati mmodzi wa ana a mfumu. Chimene chimandigwira mtima ndi mathero a chaputalacho, akuti ankadya pagome la mfumu nthawi zonse, ndipo anali wolumala miyendo yonse iwiri. Sanachire. Panalibe chimene akanabweretsa pagomepo, malo ake anawapeza chifukwa cha pangano limene Davide anachita ndi Yonatani kalekale. Ifenso Aroma 5:8 akuti Khristu anatifera tili ochimwabe, ndiye kuti mtengo unalipiridwa tisanaonetse kalikonse.

Lamulungu likubwerali musathawe. Wina akafunsa muyankhe kuti ntchito sinapezeke, mundipempherere ndipo mukamva kwina mundiuze. Mudabwa kuti ndi angati adutsamo. Ntchito pitirizani kusaka, ndipo za pakhomo zimene mungathe gwirani ndi mutu woweramuka, imeneyonso ndi ntchito.

Yachitatu ndi yaifupi, ndipo m'bale wathuyu sanabwere ndi vuto, wabwera ndi ndodo.

"Mayi, zimene mukuphunzitsazi ndi za dziko. Baibulo limati tidzikane tokha, ndife fumbi. Zodzikonda ndi kudziona wofunikazi ndi kunyada basi, mukusocheretsa anthu."

Achimwene, pena mukunena zoona. Inenso chiphunzitso chija choti ima pagalasi uzinena kuti ndine mfumu, ndine wopambana, palibe wondiposa, sindigwirizana nacho, chimangosuntha munthu kuchoka pa kudzida kupita pa kudzitama ndipo konseko maso ali pa iwe mwini. Aroma 12:3 akuti munthu asadziyese koposa mmene ayenera, koma adziyese modziletsa. Ndiye kuti muyezo woona ulipo, ndipo wodzitcha zinyalala waphonyanso muyezowo. Ndife fumbi inde, Genesis 2:7, koma vesi yomweyo ikuti Mulungu anauzira mpweya wa moyo m'fumbilo. Davide amene analemba kuti ndinabadwa mu mphulupulu pa Salimo 51 ndi yemweyo pa Salimo 139 akuyamika kuti chipangidwe chake ndi choopsa ndi chodabwitsa, ndipo sanaone kuti ziwirizi zikutsutsana.

Kudzikana kumene Yesu ananena ndi kusiya zofuna zako nkumutsata, sikunyoza chimene Mulungu anaumba. Ndipo ndikufunseni achimwene, makalata awiri mwamvawa, mtsikana akuwotcha nkhope yake ndi mankhwala, bambo akuganiza zoti bola kulibe, mukuona ngati vuto lawo ndi kunyada? Mukanakhala pampando panga pano mukanawauza chiyani? Tilembereninso, ndidzawerenga yankho lanu lonse osadula.

Nthawi yatithera. Bambo a kalata yachiwiri, chonde titumizireni meseji sabata ino mutiuze ngati mwalankhula ndi wina, opanga pulogalamu akhala akudikira. Kalata ya mayi amene apongozi awo amawanena chifukwa chosabereka ndaiona, tiyamba ndi imeneyo sabata yamawa.