Mwana asabwereze nthano, aizukute

Zikomo amfumu, zikomo makolo nonse, ndi inu ana a fomu 1 ndi fomu 2 mwakhala kutsogoloku. Ine ndachonga mapepala a ana zaka zambiri ndithu, ndiye chimene chimandiwawa ndi ichi, mwana nkhani waiwerenga bwinobwino akuidziwa, koma funso likati zukutani khalidwe la mtengambali, kutanthauza munthu kapena nyama yomwe ikuchita zinthu m'nkhanimo, mwanayo amangoyamba kufotokoza nkhani yonse kuchokera poyambirira mpaka peji kudzaza, malikisi osapeza. Wochongayo nkhani amaidziwa kale, akufuna amve maganizo a mwanayo. Pa mayeso a JCE zimenezi zimagwetsa ana anzeru.

Tiyeni titenge nthano yomwe tonse tinakula nayo, ya Kalulu pachitsime. Chilala chavuta, nyama zakumba chitsime, Kalulu wakana kukumba nawo koma madzi akumatunga mwakuba, alonda akuwapusitsa ndi uchi, mpaka Fulu anadzipaka ulimbo pamsana n'kumugwira. Ndafotokozamu ndi kubwereza chabe, si kuzukuta ayi.

Amfumu ali pano andivomereze, munthu akabwera pabwalo ndi mlandu sayamba ndi momwe anadzukira m'mawa, amanena kuti ng'ombe za uje zadya chimanga changa, kenaka mboni ziimirire. Chimangirizo chozukuta nkhani chimayendanso choncho. M'chiyambi mwana anene mfundo yake poyera, mwachitsanzo, Kalulu ndi wochenjera koma kudzikonda ndi kumene kunamugwetsa. Chiganizo chimodzi basi chakwana.

Ndiye mu thunthu muja ndime iliyonse inyamule mfundo imodzi ndi mboni yake yochokera m'nkhanimo. Walemba kuti Kalulu ndi wodzikonda, chabwino, umboni uli kuti? Anakana kukumba pamene anzake thukuta lili kamukamu. Apa ndi pamene ana ambiri amaimira, koma pamatsala sitepe ina yomwe ili ndi malikisi ambiri, afotokoze kuti umboniwo ukusonyeza chiyani. Alembe kuti nthawi ya chilala madzi ndi moyo wa onse, ndiye wokana kukumba n'kumamwa akudyera masuku pamutu anzake. Mwaona, apa malo ndi nthawi ya nkhani zalowamo zokha osachita kuzikakamiza. Mathero akhale aafupi, abwerere ku mfundo ija, asabweretse mlandu watsopano.

Makolo, musati ine sukulu sindinapite patali, nthanozi eni ake ndinu. Madzulo mukatha kudya mwana akufotokozereni zomwe wawerenga, inu muzingomufunsa kuti chifukwa chiyani, nanga wadziwa bwanji, mpaka aloze pamene pakunena zimenezo.

Ana inu, Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi ndime imodzi m'kope, funso ndi lakuti n'chifukwa chiyani Fulu anatha kugwira Kalulu pamene nyama zikuluzikulu zinalephera. Mizere 6 yakwana, koma mboni ikhalemo.