Kuyenda, kugona m'tenti ndi kusambira ku Blanco State Park

Takulandirani, owonera athu. Lero tikupita ku Texas, m'dziko la America, kukaona Blanco State Park, malo aang'ono opumulirako omwe ali m'mphepete mwa mtsinje wa Blanco, m'tauni ya dzina lomwelo. Kuchokera ku Austin kapena ku San Antonio, munthu amafikako pakatha pafupifupi ola limodzi pa galimoto. Malowa amayang'aniridwa ndi boma la Texas kudzera ku nthambi yake ya Texas Parks and Wildlife Department, ndipo kukula kwake ndi maekala pafupifupi 105 okha, amene anatambalala motsatira mtsinje pa mtunda wa makilomita 1.6.

Malowa anatsegulidwa mu 1934, pa nthawi imene chuma cha America chinali chitalowa pansi ndipo anthu ambiri analibe ntchito. Anawamanga ndi anyamata a Civilian Conservation Corps, gulu limene Pulezidenti Franklin Roosevelt anakhazikitsa mu 1933 kuti achinyamata apeze chochita. Mnyamata aliyense ankalandira madola 30 pa mwezi, ndipo madola 25 mwa ndalamazo ankatumizidwa kwa abale ake kumudzi. Ndiwo anamanga nyumba yamiyala yochitirako misonkhano, matebulo odyerapo komanso madamu aang'ono otchinga mtsinje, ndipo madamuwo ndi amene amachititsa kuti madzi aime phee, n'kukhala dziwe labwino kusambiramo.

Anthu ambiri amabwera chifukwa cha dziwelo, makamaka kuyambira mu Juni mpaka mu Ogasiti, pamene kutentha kumapitirira madigiri 35. Pafupi ndi damu pali malo osaya oyenera ana, koma kumtunda kwake madzi ndi akuya moti wosadziwa kusambira asayerekeze kulowamo. Pansi pa mtsinjewu pali thanthwe la laimu limene limamera ndere, choncho nsapato zogwira bwino m'madzi zimateteza munthu kuti asaterereke. Palibenso wantchito woikidwa kuti apulumutse omira, ndipo kholo lililonse liyenera kumuveka mwana jekete yoyandamitsa ndi kukhala naye pafupi.

Kudekha kwa madziwa kusakupusitseni. Dera lamapiri lapakati pa Texas lili ndi dothi lochepa pamwamba pa thanthwe, kotero mvula yamphamvu ikagwa siilowa pansi koma imathamangira m'tizigwa n'kukasonkhana mumtsinje nthawi imodzi. Usiku wa pa 23 Meyi 2015, mvula itavumba kumtunda, mtsinje wa Blanco unasefukira mofulumira, ndipo ku Wimberley, tauni yakumunsi, madzi anakwera kupitirira mamita 12, nakokolola nyumba ndi kupha anthu. Ku Blanco State Park mitengo ikuluikulu inazuka, zomangamanga zinaonongeka, ndipo malowa anatsekedwa kwa kanthawi. Choopsa kwambiri ndi chakuti madzi otere angakupezeni pamene inu simunaone dontho lamvula, chifukwa yagwera kutali. N'chifukwa chake wogona m'tenti pafupi ndi mtsinjewu ayenera kutsatira zanyengo za dera lonse lakumtunda, kusiya foni yoyatsa usiku kuti alandire machenjezo, ndi kusamukira pamalo okwera akangoona madzi akuda kapena akubwera ndi zinyalala. Milatho yotsika ndi yambiri m'derali, ndipo madzi akaiphimba galimoto isaoloke, ngakhale dalaivala atakhala wodziwa msewu chotani. Chaka chachilala vuto limakhala lina: madzi amaphwa kwambiri, n'chifukwa chake ndi nzeru kufunsa kaye za mtsinje musananyamuke.

Za kuyenda pansi sitichulukitsa mawu, pakuti tinjira ta ku Blanco State Park ndi tatifupi. Caswell Nature Trail ndi Pumphouse Trail ndi toyenera banja lokhala ndi ana kapena okalamba, ndipo woyenda mwakachetechete m'mawa amatha kuona akamba am'madzi akuothera dzuwa ndi mbalame zodya nsomba zitaima m'mbali. Wofuna kukwera mapiri tsiku lonse, kunena zoona, asankhe kwina.

Malo ogona ali ndi madzi apampopi ndi magetsi, ndipo palinso timisasa totchinga ndi sefa yoteteza ku udzudzu. Popeza malowa ndi ochepa, amadzaza msanga kumapeto kwa sabata, choncho lembetsani pa intaneti nthawi ikadalipo, ngakhale mutangofuna kucheza masana okha. Ana a zaka 12 ndi ocheperapo salipira pakhomo. Moto umakolezedwa pamalo oikidwiratu basi, ndipo kukauma kwambiri akuluakulu a derali amauletsa. Amene amakonda kuwedza atenge mbedza, chifukwa m'malo otere a boma la Texas wowedza ali pagombe safunika chiphaso, ndipo m'nyengo yozizira nthambi ya Texas Parks and Wildlife Department imathira mumtsinjemo nsomba za mtundu wa rainbow trout.