Mankhwala a BP ndi shuga asakutherereni ndalama ya medical aid

Zikomo amayi ndi abambo. Inu a kumbuyoko, ngati simukundimva kwezani dzanja.

Ambiri tinabwera kuno ku Joni tikudziwa MASM ya kwathu, ndiye timayesa khadi iliyonse ya chipatala ndi imodzimodzi. Ayi ndithu. Medical aid yeniyeni, monga ya Discovery, Bonitas kapena Momentum, imayendera lamulo la Medical Schemes Act la 1998, ndipo oyang'anira ake ndi a Council for Medical Schemes. Ija yotchipa imene amakuimbirani pafoni, ya hospital cash plan, imangokupatsani kandalama pa tsiku lomwe mwagonekedwa. Zomwe ndinene panozi siziikhudza. Musanasaine funsani kuti ndi iti.

Lamulo lija limakakamiza medical aid iliyonse, ngakhale pulani yotsikitsitsa, kulipira chithandizo cha matenda ena. Amazitcha PMB. M'menemo muli matenda okhalitsa oposa 20: BP, shuga, mphumu, khunyu, HIV ndi ena. Koma apa ndi pamene ambirife timagwa. Salipira mongodziwa okha ayi, muyenera kulembetsa matendawo. Adokotala amadzaza fomu ya chronic, amaikapo nambala ya matenda ya ICD-10, kenako a medical aid amavomereza. Mukapanda kutero, mapiritsi a mwezi ndi mwezi amadya savings, kathumba kaja kolipirira zachipatala za tsiku ndi tsiku kamene sikapitirira 25 peresenti ya zomwe mumasonkha. Chaka chisanafike pakati kathumba kauma, mwana watentha thupi, ku pharmacy akuti tulutsani za m'thumba. Ndawaona anthu akutukwana wogulitsa mankhwala, pomwe vuto ndi pepala limodzi lomwe silinadzazidwe.

Mukalembetsa, muli zinthu ziwiri zoti mufunse. Pali mndandanda wa mankhwala omwe iwo amalipira, formulary, ndipo ambiri ake ndi ma generic. Achimwene uko ndikuona mukupukusa mutu. Generic si mankhwala abodza, mphamvu yake ndi yomweyo, dzina ndi bokosi ndiye zosiyana. Mukakakamira la dzina lotchuka, ndalama yapamwambayo muwonjezera nokha. Chinanso, amakuuzani kokatenga mankhwalawo. Mukakatenga kwina, akhoza kukulipiritsani co-payment, ndiye kuti gawo lina la mtengowo mulipira nokha.

Za kupimitsa musanadwale ndingodutsamo, chifukwa n'zosavuta, kungoti timazinyalanyaza. Mapulani ambiri amalipira kuyezetsa BP, shuga, mafuta a m'magazi ndi HIV kamodzi pachaka, komanso katemera wa chimfine nyengo yozizira isanafike, osakhudza savings. Kumakliniki a m'kati mwa masitolo a mankhwala a Clicks kapena Dis-Chem amachita zimenezi. Amayi, funsani za Pap smear ya khansa ya khomo la chiberekero ndi mammogram ya m'mawere. Zaka zoyambira zimasiyana ndi pulani. Abambo, BP sichenjeza ikamabwera, munthu umangogwa pa ntchito.

Amene mukufuna kulowa kumene, musadikire kudwala. Akhoza kukuikani miyezi 3 osakulipirirani kanthu, ndi miyezi 12 pa matenda omwe munalowa nawo kale. Osabisa matenda pa fomu, akadzazindikira akhoza kukuchotsani. Mukalowa mutakwanitsa zaka 35 musanakhalepo pa medical aid ya kuno, akhoza kukuwonjezerani chindapusa pa ndalama ya mwezi uliwonse.

Mwafunsa za NHI, mayi, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo yomwe akufuna kuti ikhale ya anthu onse. Pulezidenti Ramaphosa anasaina lamulolo mu 2024, koma musathamangire kusiya medical aid yanu chifukwa cha zimenezo. Ndipo amene mulibe medical aid, ndikudziwa ndinu ambiri muno, ma ARV ndi mankhwala a TB amaperekedwa kukliniki ya boma. Mukakhazikika pa mankhwala, funsani anamwino za CCMDD, dongosolo la boma logawira mankhwala a matenda okhalitsa, kuti muzikatengera phukusi lanu pafupi ndi kwanu m'malo molawirira pamzere.

Amene mwabwera ndi mapepala a pulani yanu, bweretsani kutsogolo kuno tikamaliza kumwa tiyi, tiyang'ane limodzi ngati matenda anu analembetsedwa.