Namondwe akalengezedwa, thawani madzi kusanade

[Chithunzi: phiri la Soche, pamwamba pa Chilobwe]

Onani chipsera chili paphiri apo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atalowa ku Mozambique cha ku Quelimane, mvula inagwa masiku angapo osalekeza kuno kummwera. Nthaka inakhuta madzi mpaka phiri linagumuka, matope ndi miyala ikuluikulu n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe. Zomwezo zinachitikanso ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Makolo athu ankati kwadutsa napolo.

Abale anga, tikamva za namondwe timaganiza za mphepo yosasula malata. Koma kuno kwathu chimene chimatenga anthu ambiri ndi madzi, ndipo akafika usiku amatipeza tili m'tulo.

Nyengo yake ndi kuyambira Novembala mpaka Epulo. A zanyengo akalengeza pa wailesi, musadikire kuti muone kaye ndi maso. Ngati mumakhala m'munsi mwa phiri, m'mbali mwa mtsinje, kapena kuchigwa ngati ku Nsanje ndi Chikwawa, nyamukani dzuwa likadalipo. Pitani kumtunda, kusukulu kapena kutchalitchi komwe amfumu ndi a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi anena. Agogo, ana ndi olumala atsogole.

[Chithunzi: manja akumanga jumbo]

M'jumbo muikemo chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala, ma ARV kapena mankhwala a BP, tochi ndi foni yotchajidwa. Mangani zolimba. Mbuzi zimasuleni pachingwe; zikamangidwa sizingadzipulumutse.

Ichi ndichinene pang'onopang'ono: mtsinje ukaphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, kapena mukamva phiri likulindima ngati malole ambiri, pamenepo palibenso za katundu. Thamangirani kumbali, osati kutsetsereka kutsata khwawa. Ndipo madzi othamanga musawoloke, ngakhale akulekeza m'mawondo. Pansi pake mlatho ungakhale utapita kale.

Mvula ikakata, ngozi imakhala isanathe. Zimbudzi zasefukira, zitsime zalowa uve, ndipo kumbukirani kuti Freddy anatipeza tikulimbana kale ndi kolera. Madzi akumwa muwiritse kapena muthiremo kolorini. Wina akayamba kutsekula m'mimba, mpatseni Thanzi ORS n'kuthamangira naye kuchipatala. Nthambo yamagetsi yogwa musaiyandikire, auzeni a ESCOM. Nyumba ya zidina yomwe yamwa madzi imatha kugwa dzuwa litawala kale, choncho musafulumire kugonamo khoma lisanaume ndi kuonedwa bwino.