Mleme si mbalame! Kuphunzitsa ana magulu 5 a nyama za fupa la msana ndi foni

[Chithunzi: mleme utatambasula mapiko]

Tayang'anani apa. Iyi ndi mbalame kapena ayi? Ngati mwati ndi mbalame, musapite kulikonse, vidiyo iyi ndi yanu ndithu.

Takulandirani aphunzitsi anzanga, ndi inu makolo amene mumakhala pansi madzulo kuthandiza mwana homuweki. Lero tikuona mmene foni kapena tabuleti ingathandizire ana a pulayimale kugawa nyama za fupa la msana. Ngati ndinu achilendo pa tchanelo ino, dinani subscribe pompano, mungaiwale.

Zoyambira tizidutse mwachangu. Uzani mwana aweramitse mutu, agwire kumbuyo kwa khosi. Timafupa totumphuka akutimvato ndi chiyambi cha msana. Munthu amabadwa ndi timafupa totere 33. Nkhono, nyongolotsi, kangaude ndi gulugufe alibe. Nyama zomwe zili nawo, ku pulayimale timazigawa pasanu. Nsomba, zopuma m'madzi. Gulu la achule, khungu lonyowa, moyo umayambira m'madzi ngati ambululu. Zokwawa monga njoka, buluzi, ng'ona ndi fulu, khungu louma la mamba. Mbalame, nthenga. Zoyamwitsa, ubweya ndi mkaka. Basi, zimenezo zili m'buku lililonse.

Tibwerere kwa mleme, chifukwa nkhani imeneyi imandiwawa.

Chaka ndi chaka ndimamva mwana akunena molimba mtima kuti "chilichonse chouluka ndi mbalame". Ndipo sanazipeke yekha, anamuuza ndi wamkulu. Ndiye ndimafunsa: ntchentche imauluka, ndi mbalame? Zii. Nthiwatiwa siuluka, tiichotse pa mbalame? Ziinso. Kuuluka ndi kayendedwe chabe, anzanga. Sitigawa nyama poona mmene zimayendera. Timaona chimene chakuta thupi, mmene mwana amabadwira, ndi chimene amadya akangobadwa.

Apa ndi pamene foni imaposa bolodi. Tsegulani chithunzi chabwino cha mleme, mwana aike zala ziwiri pa sikirini n'kuchikulitsa.

[Chithunzi chikukula mpaka pachifuwa cha mleme]

Mukuona nthenga pamenepo? Ngakhale imodzi? Ndi ubweya wokhawokha. Sunthani mupite kumutu. Makutu ali panja, m'kamwa muli mano, mlomo wa mbalame palibe. Tsopano phikolo. Timizere tating'ono timene tikuoneka m'katimo ndi mafupa a zala. Zala zinayi zazitali, khungu lopyapyala litakungika pakati pake, chala chachikulu chatsala pamwamba ndi chikhadabo chake. Uzani ana atambasule manja awo pafupi ndi sikirini ayerekeze. Nthawi imeneyo kalasi imachita phokoso, asiyeni, ndi phokoso labwino. Ngakhale dzina limene asayansi anapatsa mileme, Chiroptera, limachokera ku Chigiriki ndipo limatanthauza phiko la dzanja.

Ndipo mleme suikira mazira. Umabereka, kawirikawiri mwana mmodzi, n'kumuyamwitsa. Mitundu ya mileme imaposa 1,400. Pa mitundu isanu iliyonse ya nyama zoyamwitsa, pafupifupi umodzi ndi wa mleme. Tangoganizani, gulu lalikulu chonchi ife n'kumalikankhira kwa akhwangwala! Wasayansi Carl Linnaeus wa ku Sweden anaika kale mileme pa zoyamwitsa mu 1758, pamodzi ndi anamgumi amene anthu ankati ndi nsomba. Zaka zoposa 260 zadutsa, ife tikadakangana.

Chenjezo limodzi: zithunzi zokha. Mwana asagwire mleme, wamoyo kapena wakufa, chifukwa ina imanyamula chiwewe.

Ngati zakuthandizani mpaka pano, dinani kachala kaja, sikakulipiritsani kanthu. Tiyeni ku kalasi.

Choyamba, koperani zithunzi ndi mavidiyo usiku wake, kenako tsekani intaneti. Mwana amene akuyembekezera chithunzi kuti chitseguke samakhala phee.

Chachiwiri, gawani ana m'magulu, aliyense ndi ntchito yake: wojambula, wolemba, wofotokoza. Ine ulendo woyamba ndinangopereka tabuleti n'kunena kuti "kajambuleni nyama za msana". Atabweza, ndinapeza mphuno, mano ndi malilime a ana okhaokha. Ndisanakalipe, kamtsikana kena kanakweza dzanja: "Aphunzitsi, kodi ife si zoyamwitsa?" Ndinasowa chonena. Kanakhoza.

Chachitatu, tulukani panja mphindi khumi, ndipo apa ndichedwepo. Pali mapulogalamu othandiza. Seek ya iNaturalist mumangoloza kamera, iyo n'kuyesa kutchula chamoyocho, ndipo sifuna kuti mwana atsegule akaunti. Merlin Bird ID ya Cornell Lab of Ornithology ndi ya mbalame. Ndi zabwino, koma lamulo langa ndi ili: mwana ayambe wanena gulu ndi chifukwa chake, foni iyankhe pambuyo. Mukatembenuza, mwana amangowerenga dzina pa sikirini, buluziyo osamuyang'ana n'komwe. Komanso foni imalakwitsa, makamaka chithunzi chikakhala chosaoneka bwino, ndipo tsiku limene mwana adzaigwire ikunama n'kuitsutsa ndi umboni, phunziro lalowa. Aphunzitseni kuima patali, kukhala chete, kudikira. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhonoyo akaipeza aijambule ndithu, ikhale mu mulu wa zopanda msana.

Chachinayi, asanje zithunzizo m'mafoda asanu.

Chachisanu, misampha. Ikani chithunzi cha ngaka: thupi lonse mamba, koma imayamwitsa. Mkunga ukuoneka ngati njoka, koma ndi nsomba. Fulu ana amati alibe msana, pomwe msana ndi nthiti zake zinalumikizana ndi chigobacho, n'chifukwa chake sangatulukemo. Platypus wa ku Australia amaikira mazira komabe amayamwitsa, ameneyu musungeni komaliza, amasokoneza ngakhale akuluakulu. Ngati foni ndi imodzi yokha, yanu, yesani pulogalamu ya Plickers: ana amakweza makadi apepala, inu n'kuzunguliza kamera, mayankho onse aoneka. Makadi anga a zithunzi za misamphazi ali pa linki m'munsimu, ndi aulere.

Sabata yamawa tikuona ya njoka. Wina anandilembera kuti njoka ilibe mafupa. Njoka, yokhala ndi timafupa ta msana toposa 100! Dinani kabelu kuti isakupiteni, ndipo mundilembere m'munsimu nyama imene inasokoneza kalasi yanu.