Makalata a Omvera: Mendulo ya Sir Percy Bates

Tiyambe ndi kalata ya mayi ena a ku Nkhata Bay. Akuti: "Sabata yatha munatchula Sir Percy Bates wa kampani ya zombo ya Cunard. Munthu wokhala mu ofesi, ulemu wa nkhondo adaupeza bwanji?"

Zikomo mayi. Britain ndi chilumba, ndipo tirigu wambiri amachita kuwoloka nyanja. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi zinkamiza zombo za katundu, choncho panafunika anthu odziwa kugawa zombo zotsalazo kuti chakudya chisadukize. Bates, wa m'banja la eni zombo ku Liverpool, adagwira ntchito imeneyi ku unduna wa zombo. Mu 1920 adamupatsa ulemu wa GBE, mendulo yapamwamba ya ufumu wa Britain, ndipo adakhalanso High Sheriff (udindo waulemu woimira mfumu pa za malamulo) wa dera la Cheshire.

Koma ine chimene chimandigwira mtima ndi khama lake atakhala wapampando wa Cunard mu 1930. Ankafuna zombo ziwiri zikuluzikulu zoti zizisinthana pakati pa Southampton ndi New York mlungu ndi mlungu. Ndalama zitavuta mu December 1931, ntchito idaima, chigoba cha chombo choyamba n'kumangochita dzimbiri ku Clydebank, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde ku Scotland. Sadagwe ulesi. Mu 1934 boma lidapereka ngongole, Cunard itavomera kuphatikizana ndi kampani ina ya zombo, White Star. Zombozo ndi Queen Mary ndi Queen Elizabeth, zomwe pa nkhondo yachiwiri adazipaka utoto wotuwa n'kumatutira asilikali. Mu July 1943, Queen Mary idanyamula anthu 16,683 ulendo umodzi wokha!

Bambo ena a ku Monkey Bay, amene akuti adakalambira ntchito ya pa nyanja, sakukondwa. Alemba kuti: "Mamendulo amapita kwa mabwana, omira ndi amalinyero."

Bambo, pamenepo sindikutsutsani. Amalinyero a zombo za malonda za Britain oposa 30,000 adafa pa nkhondo yachiwiri, ndipo ndi ochepa amene maina awo timawamva. Mu October 1942 Queen Mary yomweyo idadula pakati sitima yankhondo yoiperekeza, HMS Curacoa, osaima n'komwe poopa adani, ndipo anthu oposa 300 adatsikira kuli chete. Komabe tisanene kuti nkhondo idamulambalala Bates. Mwana wake mmodzi yekhayo, wa gulu la ndege zankhondo, adaphedwa mu 1945. Mwiniwakeyo adamwalira pa 16 October 1946, tsiku lomwe Queen Elizabeth inkanyamuka ulendo wake woyamba wonyamula anthu wamba.

Bambowa afunsanso ngati Ilala yathu ndi ya Cunard. Iyayi bambo. Idapangidwa ndi kampani ya Yarrow, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde womwewo, n'kubwera kuno zidutswazidutswa. Idayamba kuyenda pa nyanja mu 1951.